Ali bwinobwino, koma akuti ali ndi matenda: zimatheka bwanji?

Ku kiliniki nesi akukupatsani kabotolo kuti mulavuliremo makhololo, chonsecho inu simukutsokomola, mwangoperekeza amuna anu. Ku famu komwe mumagwira ntchito cha ku Heidelberg, abwana auzidwa kuti ng'ombe zisatuluke pa geti, pamene ng'ombezo zikudya msipu bwinobwino, zonenepa zochititsa kaso. Mu Disembala munapita kumudzi, achimwene anu amene amagona opanda neti ali gwa, koma inu mwangotsika basi ku Park Station mu Januwale, sabata isanathe mwagonekedwa m'chipatala ndi malungo.

Zoterezi zikachitika, anthufe kuno ku Joni sitichedwa kupeza chifukwa. Wina amati achipatala akufuna kutiyeserera mankhwala. Wina amati ndi njira yokwezera mtengo wa nyama. Wa malungo uja amayamba kukumbukira nkhope za anthu amene sanakondwe ndi katundu amene anafika naye kumudzi. Komatu nkhani zitatuzi zili ndi muzu umodzi, woti kachirombo kamatha kukhala m'thupi popanda zizindikiro, ndipo madokotala a anthu ndi a ziweto akhala akulimbana nawo kwa zaka zoposa 100.

Kachirombo kulowa m'thupi si kudwala

Tikati munthu akudwala timanena zimene iye akumva kapena zimene ife tikuona: kutentha thupi, kutsegula m'mimba, kuwonda, chifuwa. Zimenezi ndiye zizindikiro. Zambiri mwa izo sizichokera kwa kachirombo mwachindunji, koma ku nkhondo imene thupi likuchita. Thupi likatentha, ndi thupi lomwelo limene lakweza kutentha kwake pofuna kufooketsa tizirombo. Ndiye ngati chitetezo cha m'thupi chagwira kachirombo msanga, kapena kachiromboko kakhala pamalo pamene sikakuwononga zambiri, munthu samva kanthu. Kalipo ndithu, kakuswana, nthawi zina kakutuluka kudzera m'chimbudzi, m'malovu kapena m'magazi, mwini wake akukwera takisi kupita kuntchito ngati masiku onse.

Amene anasungapo chimanga amamudziwa nankafumbwe. Amaboola njere, kuikiramo dzira, n'kumata pabowo paja. Mukatapa chimangacho m'manja chimaoneka chabwino, pamene m'kati mphutsi ikukula, ndipo thumba limenelo likaunjikidwa ndi ena, onse amagwidwa. Fanizoli limangolephera pamodzi: njere ilibe chodzitetezera, pamene thupi la munthu kawirikawiri limapambana, kachirombo n'kutha munthuyo osadziwa kuti kanabwerapo.

Poliyo ndiye amaonetsa bwino nkhaniyi. Mwa anthu 100 amene kachirombo kake kawalowa, pafupifupi 70 samva chilichonse. Ena amangotentha thupi masiku ochepa. Amene amapuwala osachira ndi pafupifupi mmodzi mwa 200. Dokotala wa ku Sweden, Ivar Wickman, atafufuza mliri wa poliyo wa m'dziko lake wa 1905, anaona kuti matendawa ankadumpha kuchoka mudzi wina kupita wina kudzera mwa anthu amene sanapuwale, ena osadwala n'komwe.

Ifenso zinatifika. Mu Febuluwale 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wazaka zitatu ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo wamtundu umene unaoneka komaliza m'dziko mwathu mu 1992. Amene anatsimikizira za kachiromboko ndi a NICD, bungwe lofufuza za matenda opatsirana lomwe lili ku Sandringham kuno ku Joni, pamodzi ndi anzawo a ku America, ndipo anapeza kuti kanali kachibale ka kamene kankazungulira ku Pakistan. Kuchoka ku Pakistan kufika ku Lilongwe kanadutsa m'matumbo mwa anthu amene ankayenda, kudya ndi kuseka ngati wina aliyense. N'chifukwa chake mwana mmodzi yekha anachititsa kuti mayiko asanu, Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ayambe kampeni yofuna kutemera ana oposa 23 miliyoni. Amene ankati boma likukokomeza ankawerenga mwana mmodzi. Azaumoyo ankawerenga mazana amene sanaoneke. Masiku ano amatunga ngakhale madzi a m'masuweji n'kukawayeza, poti chimbudzi cha mzinda wonse chimaulula zimene anthu ake sakumva.

Onse akuti "ndili bwino", koma sali chimodzimodzi

Apa ndi pamene chisokonezo chimayambira. Munthu wina sakumva kanthu lero chifukwa choti matenda sanakhwime, mawa kapena mkuja agona. Wina sadzamva kanthu mpaka kachirombo katha. Wina kachirombo kangogona m'thupi mwake, sikakuswana kwenikweni, sakupatsira aliyense, koma kangathe kudzuka patapita zaka. Ndiye pali wina amene kachirombo kamanga nyumba mwa iye, iye osadwala, koma akukatulutsa mwezi ndi mwezi. Pa tsiku loyezetsa onsewa amaoneka ofanana, ndipo nthawi zambiri ngakhale dokotala sangathe kusiyanitsa woyamba ndi wachiwiri kufikira masiku atadutsa.

Nthawi ya Covid-19 tinaziona tokha. Pakhomo la sitolo iliyonse panali mlonda ndi kamakina kake kolozetsa pachipumi. Kamakinako kankagwira okhawo otentha thupi, pamene ambiri opatsira anzawo anali asanayambe kutentha, ena sanatenthe konse. Kumapeto kwa 2021 gulu la Pulofesa Shabir Madhi wa ku yunivesite ya Wits linayeza magazi a anthu pafupifupi 7,000 muno mu Gauteng. Mwa amene anali asanabayitse katemera, 68 mwa 100 alionse anali ndi zosonyeza kuti kachiromboko kanawadutsapo kale, chiwerengero choposa kutali anthu amene analembedwa m'mabuku kuti anadwala. Ena mwa iwo anadwala pang'ono n'kungothana nazo ndi Panado ndi mandimu, ena sanamve ndi mutu womwe.

Wophika amene sankadwala

Munthu wodziwika kwambiri mwa onyamula matenda osadwala anali Mary Mallon, mayi wochokera ku Ireland amene ankaphika m'nyumba za anthu olemera ku New York. Mu 1906 anthu a m'nyumba ina ku Oyster Bay anadwala tayifodi, ndipo wofufuza wina, George Soper, potsatira mbiri ya wophikayo anapeza kuti m'nyumba zambiri zimene anagwiramo ntchito munagwa matenda omwewo. Mayiyo anakana kwa mtu wagalu, ndipo tisamudabwe: sanadwalepo tayifodi momwe iye ankadziwira. Mabakiteriya a tayifodi amatha kukhazikika mu ndulu mwa anthu ochepa, n'kumatsikira m'matumbo pang'onopang'ono. Akafika m'manja osasambidwa bwino, amathera m'chakudya.

Anamugwira mu 1907 n'kumutsekera pa chilumba cha North Brother. Mu 1910 anamumasula atalonjeza kuti sadzaphikanso, koma kuchapa zovala kunalibe ndalama ngati kuphika, ndipo mu 1915 anapezeka akuphika pa chipatala cha amayi oyembekezera atasintha dzina, anthu atadwalanso. Anamubwezera pachilumba paja mpaka anamwalira mu 1938. Anthu oposa 50 amadziwika kuti anadwala kudzera mwa iye, atatu anafa. Koma pofika nthawi imeneyo New York inali itapeza mazana a anthu ena onyamula tayifodi, amene sanatsekeredwe moyo wonse. Mallon anali mkazi, wobwera, wantchito ya m'nyumba, komanso wosagonja pakamwa. Ife amene timaphika ndi kuchapa m'nyumba za anthu ku Sandton ndi ku Mayfair nkhani imeneyi timaimva mwamtundu wina. Lero munthu wotere amapatsidwa mankhwala kwa milungu ingapo, nthawi zina amamuchotsa ndulu.

Kolera sakhalitsa m'thupi chotero, koma naye amayenda mwakachetechete. Ambiri amene mabakiteriya ake awalowa satsegula m'mimba, komabe amawatulutsa m'chimbudzi kwa tsiku limodzi mpaka masiku 10. Mliri umene unayamba ku Malawi mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Mu Febuluwale 2023 unduna wa zaumoyo kuno ku South Africa unalengeza kuti odwala awiri oyamba mu Gauteng anali apachibale amene anapita kumaliro ku Malawi n'kubwerera pa basi. Posakhalitsa panapezeka ena amene sanatulukepo m'dziko muno, ndipo mu Meyi kolera anapha anthu ambiri ku Hammanskraal, kumene madzi anali vuto kwa zaka. Gwero lenileni la ku Hammanskraal silinatsimikizidwe. Matenda amene ambiri owanyamula saoneka, n'kovuta kuloza chala kuti anayamba ndi uyu.

Chifuwa chachikulu chosatsokomoletsa

Pa TB m'pofunika kudekha, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza.

Choyamba ndi TB yogona. Robert Koch anapeza bakiteriya wa TB mu 1882, ndipo patapita zaka madokotala anayamba kuyeza anthu pobaya kamankhwala pakhungu la mkono n'kuona ngati patupa. Anadabwa kuona kuti anthu ochuluka zedi athanzi ankatupa. Bungwe la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi padziko lonse analowedwapo ndi bakiteriya ameneyu. Thupi limamuzinga m'timatumphu ting'onoting'ono m'mapapo. Munthu wotere sakudwala ndipo sapatsira mnzake. Mwa 100, apakati pa 5 ndi 10 ndi amene adzadwale pa moyo wawo wonse, ambiri m'zaka ziwiri zoyambirira. Chiopsezo chimakwera kwambiri chitetezo chikatsika: HIV, shuga, njala, mowa, fodya, ndi fumbi la miyala la m'migodi.

Fumbi limeneli agogo athu amene analembedwa ntchito ya m'migodi kudzera ku Wenela ndi Teba amalidziwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Wopezeka ndi chifuwa ankabwezedwa kwawo. Ena anabwerera akuoneka athanzi, ndi wailesi, njinga ndi mabulangete, chifuwa n'kudzawatulukira kumudzi patapita chaka kapena ziwiri, abale n'kumati anthu anachita nsanje ndi chuma chawo.

Chachiwiri ndi chimene chasokoneza akatswiri m'zaka zaposachedwapa: TB imene yadzuka, ikuwononga mapapo, mabakiteriya akupezeka m'makhololo, koma munthu osamva kanthu kapena kungomva kutopa kumene aliyense wogwira ntchito ya manja amakumva. Kwa nthawi yaitali makiliniki ankasefa anthu ndi mafunso anayi: mukutsokomola, mukutentha thupi, mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda? Woyankha ayi ankapita kwawo. Dziko la South Africa litachita kafukufuku woyamba wa TB m'dziko lonse cha mu 2018, pojambula anthu pachifuwa ndi makina a X-ray kenako n'kuyeza makhololo, linapeza kuti pafupifupi 58 mwa 100 amene anapezeka ndi TB sananene chizindikiro ngakhale chimodzi. Mafunso anayi aja akanaphonya oposa theka.

Kabotolo kaja kakuchokera pamenepa. Tsopano anthu amene ali ndi HIV, amene amakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, ndi amene anadwalapo TB posachedwa, amapemphedwa makhololo ngakhale sakutsokomola. Nesi amakutumizani panja pomwe pali mphepo, mupume kwambiri kangapo, mukoke za pansi pa chifuwa osati malovu a m'kamwa, mutseke bwino. Makhololowo amalowa m'makina a GeneXpert amene amafufuza chibadwa cha bakiteriya ndi kuonanso ngati akumva mankhwala a rifampicin. Akapezeka, ndi mankhwala a miyezi 6 ngati wodwala TB wina aliyense. Akapanda kupezeka, angathe kukupatsani mankhwala oteteza kuti TB yogona isadzuke, ndipo ena mwa iwo amamwedwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Kwa anthu okhala asanu m'chipinda chimodzi ku Yeoville kapena m'mkuku ku Diepsloot, mawindo otseka mwezi wonse wa Juni chifukwa cha chisanu, kusiyana kwa TB yogona ndi TB yodzuka mwakachetechete ndi nkhani ya nyumba yonse.

Chifukwa chake malungo amasankha wa ku Joni

Munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amalumidwa ndi udzudzu wa malungo chaka ndi chaka. Akapulumuka ali mwana, thupi limaphunzira kupondereza tizirombo kuti tisachuluke, koma silitichotsa tonse. Akuluakulu ambiri ndi ana asukulu amayenda ndi tizirombo tochepa m'magazi osamva kanthu. Koch yemwe uja anaziona ku Java ndi ku New Guinea cha mu 1900. Kafukufuku wa kum'mwera kwa Malawi waonetsa kuti ana a msinkhu wa sukulu ndi amene amasunga tizirombo kwambiri, ndipo udzudzu ukawaluma umakapatsira makanda ndi amayi oyembekezera. Amayi oyembekezera amapatsidwa Fansidar ku sikelo ngakhale asakudwala chifukwa tizirombo timabisala mu nsengwa, mayi n'kuchepa magazi, mwana n'kubadwa wochepa thupi.

Chitetezo chimenechi chimafuna kukumbutsidwa. Mu Johannesburg mulibe udzudzu wofalitsa malungo, kupatula umene nthawi zina umabwera utabisala m'basi kapena m'katundu. Munthu akakhala kuno zaka zingapo, thupi limaiwala. Akafika kumudzi amadziona ngati mwana wapakhomo, neti n'kuikana, koma magazi ake asanduka a mlendo. Malungo amatenga sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kuposa, asanaonekere, ndiye amamupeza atadutsa kale Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Kuno amayamba ngati chimfine, ndipo nesi sangaganize za malungo ngati simunanene kuti mwangochokera ku Malawi. Ana obadwira kuno ndiye alibiretu chitetezo chilichonse.

Njati, njiri ndi mbuzi za ku Malta

Ku ziweto nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa anthu, poti ng'ombe singanene kuti ikumva kutopa.

Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene pa nkhani za kuno amangoti FMD, ndiwo atsekereza ng'ombe m'mafamu. Kachirombo kake kanali vairasi yoyamba ya nyama kudziwika, mu 1898, ndipo amene anakatulukira ndi Friedrich Loeffler ndi Paul Frosch. Njati za ku Kruger zimakhala nako kummero kwa zaka osadwala. Kwathu n'chimodzimodzi ndi njati za ku Lengwe, ndipo alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa kutsekedwa kwa misika ya ng'ombe. Ng'ombe ikagwidwa imachucha dovu ndi kutsimphina, koma imayamba kutulutsa kachirombo masiku angapo zilonda zisanaoneke, ndipo nkhosa ndi mbuzi zimadwala pang'ono moti mwini wake sazindikira. Ng'ombe yogulidwa pa okushoni ikuoneka bwino ingathe kugwetsa khola lonse. South Africa inataya mwayi wodziwika kuti ilibe matendawa mu Januwale 2019. Mu Ogasiti 2022 boma linaletsa kusamutsa ng'ombe m'dziko lonse kwa masiku 21, ndipo mu Juni 2025 matendawa analowa m'khola lalikulu lonenepetsera ng'ombe ku Heidelberg. Kwa munthu wodya nyama matendawa si oopsa. Amene amavulala ndi mlimi, wantchito wake ndi malonda a kunja.

Chigodola cha nkhumba chili ndi mbiri yofanana. Chinalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921. Njiri ndi nguluwe zimakhala nako kachiromboko osadwala, ndipo nkhufi zokhala m'mauna a njiri zimakasunga kwa zaka. Ku Mchinji ofufuza anapeza nkhufi zoterezi m'makola a nkhumba enieniwo. Nkhumba yoweta ikagwidwa kawirikawiri imafa, ndipo chizolowezi chothamangira kupha ndi kugulitsa zotsala zisanadwale ndicho chimafalitsa matenda mudzi wonse. Abakha akutchire nawo amayenda ndi mavairasi a chimfine cha mbalame osaoneka kudwala. Amene anali kuno mu 2023 akukumbuka nkhuku mamiliyoni zitaphedwa ndi masitolo akuika malire a mazira amene munthu angagule.

Matenda ena amachoka ku chiweto chooneka chathanzi n'kulowa mwa munthu. Pa chilumba cha Malta asilikali a Britain ankadwala kutentha thupi kobwerezabwereza. David Bruce anapeza bakiteriya wake mu 1887, koma kumene ankachokera kunali kusadziwika mpaka 1905, pamene dokotala wa komweko, Themistocles Zammit, anapeza kuti mbuzi zathanzi zimene zinkakamidwa pakhomo ndi pakhomo zinkatulutsa bakiteriyayo mumkaka. Asilikali ataletsedwa mkaka wa mbuzi, matenda anatsika kwambiri. Matendawa, brucellosis, alipo m'ng'ombe za kuno mpaka lero. Ng'ombe imataya bere kamodzi, kenako imabereka bwinobwino koma ikutulutsabe mabakiteriya mumkaka ndi m'zotuluka pobereka. Ikapezeka imadindidwa chilembo C pakhosi. Wothandiza ng'ombe kubereka ndi manja opanda magolovesi, ndi wakumwa mkaka wosawiritsa kapena chambiko cha mkaka wotere, ndiye amadwala, ndipo madokotala amachedwa kuwazindikira chifukwa amafanana ndi malungo. Bruce yemweyu ndi amene anaonetsa ku Zululand kuti nyama zakutchire zimasunga tizirombo timene kashembe amapatsira ng'ombe, ndipo anadzafika ku Nyasaland kudzafufuza kaodzera nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanayambe.

Alimi a mkaka, kaya a ku Bvumbwe kaya a kuno, ali ndi vuto lawo losapha koma lodya ndalama: kutupa kwa m'kati mwa bere la ng'ombe kosaonekera kunja. Bere silitentha, mkaka ndi woyera, koma ukuchepa. Amayeza ndi kathabwa kapulasitiki ka timbale tinayi, kambale kamodzi pa nsonga iliyonse ya bere. Mumakamiramo mkaka pang'ono, kuthiramo mankhwala ofiirira mulingo womwewo, n'kuzunguza pang'onopang'ono. Ngati berelo lili bwino mkaka umakhalabe wamadzi. Ngati muli matenda umayamba kunanda ngati thelele, chifukwa cha kuchuluka kwa maselo oyera a magazi amene abwera kudzalimbana ndi mabakiteriya. Njira imeneyi inapangidwa ku California mu 1957, ndipo wokama wanzeru amamaliza ndi ng'ombe zoterozo kuti manja ake asapatsire zina.

Zimene makina amaona ndi zimene saona

Kuyeza kulipo kosiyanasiyana, ndipo mawu akuti "mwapezeka nako" satanthauza chimodzi. Kwina amafuna kachirombo kamoyo. Kwina, monga PCR, amafuna chibadwa chake, ndipo angapeze zotsalira za kachirombo kakufa kale. Kachipangizo koyezera malungo pa chala kangapitirize kuonetsa mizere iwiri kwa masabata munthu atachira. Kwina amangofuna mapazi amene kachirombo kanasiya m'chitetezo cha thupi, zimene zimangosonyeza kuti kanadutsapo.

Palinso masamu ovuta. Tiyerekeze kuti chipangizo chimalakwitsa kamodzi pa 100, ndipo matenda ali mwa munthu mmodzi pa 1,000. Mukayeza anthu athanzi 1,000, mupeza mmodzi amene alidi nawo ndi ena pafupifupi 10 amene chipangizo chawanamizira. N'chifukwa chake azaumoyo sayeza aliyense chilichonse, amayamba ndi magulu amene chiopsezo chawo n'chachikulu.

Ndipo si zonse zopezeka zimene zimafuna mankhwala. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi mabakiteriya a Staphylococcus m'mphuno ndipo amangosiyidwa. Mabakiteriya a mumkodzo mwa munthu wosamva ululu nthawi zambiri sapatsidwa mankhwala, kupatula mwa mayi woyembekezera. Pomwe HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B zimawononga mwakabisira kwa zaka. Chindoko chimayezedwa ku sikelo chifukwa chimapha mwana m'mimba mayi asakumva kanthu. Pa HIV kale ankadikira kuti chitetezo chitsike, koma kuyambira 2016 Malawi ndi South Africa amapereka ma ARV kwa aliyense wopezeka nako, ndipo amene kachirombo kake katsika mpaka kosaoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Pa TB, sizikudziwika bwino kuti anthu osatsokomola amafalitsa gawo lalikulu bwanji la matendawa. Ena akuti kupuma ndi kulankhula n'kokwanira, ndipo poti anthuwa amakhala miyezi osadziwika, mwina ndiwo amapatsira ambiri. Ena akuti wotsokomola amatulutsa mabakiteriya ochuluka kwambiri moti ndalama zipite kwa iye kaye. Akukangananso ngati munthu wotere akufunikadi miyezi 6 yonse, komanso ngati ambiri amene timati ali ndi TB yogona sanaithetse kale m'thupi mwawo, khungu likungokumbukira.

Pa malungo, kuchotsa tizirombo mwa ana asukulu osadwala kumawonjezera magazi ndipo kungachepetse kufala kwa matenda, koma ena akuopa kuti kumwetsa mankhwala anthu ambiri kungafulumizitse tizirombo kusiya kumva mankhwalawo.

Pa ng'ombe, n'zodziwika kuti zina zikachira FMD zimasunga kachirombo kummero kwa miyezi yambiri, koma ofufuza akhala akulephera kuonetsa poyera kuti ng'ombe yotere imapatsiradi inzake, ngakhale kuti njati zimatero. Malamulo a malonda amaiona ngati yoopsa, alimi amati akutaya ziweto pachabe. Katemera nayenso ali ndi mbali ziwiri: amateteza khola, koma ena amati angabise matenda nkhuku kapena ng'ombe ikagwidwa osaonetsa.

Funso lomaliza si la mu labotale. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 ogwira ntchito m'migodi anabwezedwa kwawo, chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti anzawo pafupifupi 200 anapezeka ndi HIV. Bungwe la eni migodi linafuna kuti boma la Malawi liziyeza aliyense asananyamuke, boma linakana, ntchito ya Teba n'kuthera pomwepo. Akatswiri a mbiri amakanganabe ngati HIV inali chifukwa chenicheni kapena migodi inali itayamba kale kufuna anthu a konkuno. Lero azaumoyo akufuna kuyeza anthu ambiri osadwala kuti agwire TB isanafale, pa nthawi yomwe ena mwa anthuwo akuopa kufika pa geti la kiliniki chifukwa cha mapepala, kapena chifukwa cha magulu amene akhala akuima pamenepo kufunsa ziphaso. Wantchito wa m'nyumba akapezeka ndi TB asakutsokomola, abwana ake ayenera kuuzidwa? Akauzidwa n'kumuchotsa ntchito, mnzake wa chipinda chimodzi adzavomera kabotolo kaja? Ndipo mlimi wa ng'ombe zisanu amene walamulidwa kuti asagulitse chifukwa cha matenda amene iye sakuwaona, adzamulipira ndani?